Mphasa Yoimika ya a Kamtedza

Ine ndinaphunzitsa ukalipentala zaka makumi atatu, ndipo ngakhale ndinapuma, anthu akaona thabwa lawo layamba kudwala amanditumirabe uthenga. Mwezi wathawu anandiitana pa sukulu ina, dzina lake ndisunga, kuti ndikaone madesiki. Madesikiwo anafika chaka chatha, atsopano, onunkhira vanishi. Aphunzitsi aakulu anawatsekera m'chipinda, ati ana angawalembelembe alendo olemekezeka asanabwere kudzawaona. Ana anapitiriza kukhala pansi, kulembera pamaondo. Alendo aja mpaka lero sanabwere. Atanditsegulira chipindacho ndinagwira mwendo wa desiki yoyamba, chala changa n'kulowa ngati ndatosa mbatata yophika.

"Nanga pamenepa tipange bwanji, abambo?" anandifunsa aphunzitsi aakuluwo.

"Pezani machesi," ndinawayankha. "Nkhuni ndiye mwapeza kale."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Chiswe chimene chinadya madesikiwo sindinachikwiyire ayi, chinangogwira ntchito yake. Ndinakwiyira anthu ophunzira bwinobwino amene amaganiza kuti kutsekera chinthu ndiko kuchisamala. Pobwerera kunyumba ndinakumbukira a Kamtedza. Ndiye tcherani khutu ana inu, ndikuuzeni za mkulu ameneyu, chifukwa mwambi wina umene mumaumva kwa akuluakulu unatulukira m'nyumba mwake.

Kale, m'mudzi wina wa m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, munali mmisiri wosoka mphasa, dzina lake a Kamtedza. Iwo anali mkamwini, ndiye kuti ankakhala kwawo kwa akazi awo, a Nangozo. Pa ntchito yawo panalibe wowaposa. Bango ankadula okha kudambo, kuling'amba, kulipala, kuliyanika, kenako n'kulisoka ndi chingwe cha khonje chopota okha. Mphasa zawo zinali zothithikana moti ufa woyanikapo sunkadontha pansi. Anthu ankachokera kutali kudzasinthanitsa ndi nkhuku, mchere ndi makasu.

Koma monga mudziwa amisiri, zabwino zonse zinkapita kwa eni nkhuku. Pakhomo pawo panali mphasa imodzi yokha, yakale, yothetheka m'mbali. Usiku ankagonapo, m'mawa a Nangozo ankaitulutsa, kuikutumula, kuyanikapo ufa, masana n'kukhalapo alendo. Mphasa imeneyo sinkadziwa kupuma.

Anthu awiriwa anali ndi mwana mmodzi yekha, Tiyanjane. Atakula anapeza banja ndi mwamuna wa kutsidya kwa mtsinje, kuseri kwa mapiri, ulendo wa masiku awiri. Akuchimuna anapempha chitengwa, kuti Tiyanjane akakhale kwa mwamuna wake. A Nangozo analira, koma anavomera.

Tsiku lodzamutenga kunabwera mayi ake a mwamunayo, a Nachisale, mayi wojintcha, wosadziwa kubisa mawu kukhosi. A Nangozo anawayalira mphasa yakale ija pansi pa mtengo wa mkuyu. Pokhala pansi, kabango kothyoka kanakola nsalu yawo n'kuwabaya pa ntchafu.

"Mayo!" anadzidzimuka a Nachisale. "Asewere, kodi si kuno kumene timamva kuti kuli mmisiri wa mphasa? Nanga bwanji zanu zimaluma?"

Anthu anaseka. A Kamtedza anangoti zyoli.

A Nachisale anapitiriza, maso akumwaza pa kanyumba kamodzi kakuda ndi utsi kamene kanali pakhomopo. "Ine ndinenerethu. Mwana wanuyu Mulungu akadzamupatsa mphatso, ndidzabwera naye ndekha kudzakuonetsani. Ndikadzapeza pogona pabwino, mayi ndi khanda adzakhala kuno dzinja lonse mpaka kukolola. Ndikadzapeza zomwezi, mudzangomuona mdzukulu ngati mwezi, ife n'kubwerera."

Mawu amenewo a Nangozo anawasunga ngati lonjezo. A Kamtedza anawasunga ngati munga.

Chilimwe chomwecho mkuluyu anayamba kumanga nyumba, mothandizidwa ndi alamu awo, a Gwirize, mchimwene wa a Nangozo. Apa ndiyenera kuwayamikira, chifukwa ine ntchito yabwino ndimaidziwa. Mizati anasankha ya muwanga, mtengo umene chiswe chimaulambalala. Kumunsi kwa mzati uliwonse anawaula pamoto, m'maenje n'kuthiramo phulusa asanazike. Kudenga anaikako mitanda ndi mapaso owongoka, anawasenda makungwa onse mpaka kuyera mbee. Mitengo ya kudengayo inali yofewa, koma inali yokongola, ndipo a Kamtedza panthawiyo ankafuna kukongola. Anafolera udzu wochindikala. A Nangozo anazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, kulikwecha ndi mwala mpaka kuti see.

Kenako anasoka mphasa. Miyezi iwiri yathunthu anali pa mphasa imodzi. Inali yaitali kuposa ina iliyonse imene anasokapo, ya mizere ya bango lowaula, m'mphepete mopendera kawiri. Akazi a m'mudzimo ankaima ndi mitsuko pamutu kuiyang'ana. Itatha anaikulunga, kulowa nayo m'nyumba yatsopano, n'kuiimika pakona. Chifukwa cha kutalika, kumunsi inaponda pansi, kumutu inakagunda mtanda waukulu wa denga. Iwo anaikanikiza pamenepo kuti isagwe. Anatuluka, kukoka chitseko, n'kuchimanga ndi luzi, mfundo yake yodziwa okha.

"Tsopano a Nachisale abwere," anatero akusasa m'manja.

A Nangozo anawayang'ana. "Abambo ake Tiyanjane, mwamanga chitseko moto tisanasonkhemo?"

"Moto wanji?"

"Nyumba yatsopano amaisonkhera moto, mwaiwala? Utsi ulowe m'dengamo, mitengo ikhwime. Kanyumba kathu aka kakhala zaka zingati osafumbwa? Si utsi umenewo?"

"Kuti mitanda yanga yoyera ija ide bii ndi mwaye? Asewere adzati ndawalowetsa m'khitchini? Iyayi."

"Nanga mphasayo? Bwanji tizigonapo, m'mawa tiziitulutsa ione dzuwa?"

"Mphasa imeneyo woyamba kukhalapo ndi a Nachisale. Ndikufuna ndidzaone ngati idzawalume."

A Nangozo anaomba m'manja kamodzi n'kuchokapo. Iwo ankadziwa chimene mayi aliyense wa m'mudzi amadziwa, kuti nyumba imasungidwa ndi mapazi a anthu. Pamene pamadutsa tsache tsiku ndi tsiku, chiswe chikangotulutsa kadothi kake m'mawa chimaonekera, munthu n'kukaphwanya, kuthirapo phulusa lamoto, nkhani n'kutha. Koma kukauza a Kamtedza zimenezo kunali ngati kuthira madzi pa msana wa bakha.

Dzinja loyamba linadutsa, uthenga wa mwana osabwera. Kanyumba kakale kanayamba kudontha pakona, anthu awiri akuluakulu n'kumasuntha mphasa uku ndi uku kuthawa madontho, nyumba youma ili poteropo, chitseko chili chomanga. Taganizani inuyo ana. Kodi ngakhale mbuzi ingachite zimenezo?

Tsiku lina a Kamtedza atapita kudambo kukadula bango, a Nangozo analephera kupirira. Anatenga mpeni n'kudula luzi lija. Anapala makala pa phale, kutenga tsache ndi zitsononkho zoti zifuke utsi, n'kulowa. M'nyumbamo munali zii, fungo la chinyezi lokhalokha. Anaika phale pakati, anasesa, kenako anagwira mphasa ija kuti aitulutse. Panthawiyo inali idakali yolimba, bango lake likuwala.

"Nangozo!"

A Kamtedza anali pakhomo. Anali ataiwala chikwakwa, ndiye anabwerera panjira. Analowa, kunyamula phale la moto ndi manja awo n'kuliponya kunja, osamva n'kutentha komwe.

"Mwayamba liti kudula mfundo zanga?"

"Mfundo yanuyo idzagonamo ndi ndani? Nyumba ino ikufa, bambo. Simukumva fungoli?"

"Nyumba ndinamanga ndine."

"Pansi ndinazira ndine! Mwananso ndinabereka ndine. Mukuganiza kuti amene akufuna Tiyanjane adzagone muno ndinu nokha?"

A Kamtedza anati: "Ndikudziwa kuti mudzi uno ndi wanu, ine ndine wobwera. Koma mukadzakhudzanso chitseko ichi, ndidzanyamula zingano yanga ndi chikwakwa changa, ndibwerere kwathu. Mudzawalandire nokha asewere anuwo."

A Nangozo anaona kuti mwamunayo sakuseka. Anaganiza za mwana wawo kudzafika ndi khanda n'kupeza bambo ake anachoka chifukwa cha mphasa. Anatola tsache lawo n'kutuluka. A Kamtedza anamanganso chitseko, ulendo uno ndi mfundo ziwiri.

Chaka chachiwiri m'mudzimo munagwa maliro, ndipo anthu ochokera kutali anasowa pogona. A Gwirize anabwera kudzapempha.

"Alamu, tibwerekeni nyumba ija masiku awiri okha. Azimayi okalamba akugona pabwalo."

"Pepani alamu, nyumba imeneyo ili ndi eni ake."

"Eni ake ati? Akangaude?"

"Sunga khosi, mkanda woyera udzavala," anatero a Kamtedza, akupala bango, osadzutsa n'komwe mutu.

"Khosilo mukulisunga, inde," anayankha a Gwirize, "koma mkandawo mwauona liti komaliza?"

Anachoka akupukusa mutu. Azimayi aja anagona pabwalo, ndipo mbiri ya kuumira kwa a Kamtedza anapita nayo kwawo.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho itagwa, a Nangozo anapeza timapiko ta ngumbi titaunjikana pansi pa chitseko chomanga chija, kuchokera m'kati. Anagunditsa khutu ku khoma. M'nyumbamo munkamveka kaphokoso kosalekeza, ngati munthu akupeta mapira patali. Anathamanga kukaitana mchimwene wawo. A Gwirize anakwera pa mtondo n'kusuzumira pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mdima unawalepheretsa kuona bwino, koma anaona dothi lofiira litayenda pa mtanda waukulu. Anatosa phaso limodzi ndi kamtengo, kunja kwake kuli bwinobwino, koma linalira ngati chikho chopanda kanthu.

"Alamu," anatero atatsika, "m'nyumba mwanu muja alendo analowa kale. Tsegulani lero lomwe. Tikachotsa mtanda umodzi ndi mapaso angapo, tisonkhe moto sabata imodzi, nyumba ipulumuka."

A Kamtedza anaseka. Anawatenga alamu awo pa dzanja n'kuzungulira nawo nyumba yonse, akugogoda mzati uliwonse ndi chikwakwa. Uliwonse unkalira ngo, ngo, ngo.

"Mwamva? Muwanga umenewo. Wowaula, wa phulusa kunsi. Makomawa onani, palibe kanjira ka chiswe ngakhale kamodzi. Tsono kudengako chikwerere pati? Chili ndi makwerero?"

"Ine ndaona dothi ndi maso angawa."

"Mwaona zisa za mavu. Inu ndi mlongo wanuyu mwapangana kuti mudetse denga langa."

"Koma abale inu!" anafuula a Nangozo, manja ali m'mutu. "Munthu ameneyu ndimuphikire chiyani kuti amve? Kutsegula kokha, kusuzumira, n'kutsekanso, kukupwetekani pati?"

"Mphepo ikalowa ilowetsa fumbi," anatero a Kamtedza.

Ine ndimati ndikafika pamenepa ndimafuna kulowa m'nthanomo ndikadule luzilo ndekha. Munthuyu sanali chitsiru. Mizati yake inalidi yolimba monga ankanenera. Chimene chinamupha n'chakuti ankakhulupirira ntchito imene anagwira kale kuposa maso a anthu amene ankaona za lero. Ndiponso, kunena zoona, ndikuganiza kuti pansi pa mtima ankaopa chimene akanapeza akanatsegula.

Chaka chachitatu, mitambo itayamba kusonkhana, uthenga unafika. Tiyanjane wabereka mwana wamkazi, watuluka m'chikuta, ndipo a Nachisale akubwera naye mtsinje usanadzaze. A Nangozo analulutira mpaka mawu kusasa. Anafulula thobwa, anasesa bwalo lonse, anakonza kansalu koberekera mdzukulu. Anapemphanso komaliza kuti alowe akazire pansi.

"Mudzazira atakhalapo kale," anatero a Kamtedza. "Ndikufuna ndidzamasule mfundo iwo akuona, adziwe kuti munalibe munthu anapondamo."

Kutatsala masiku awiri kunagwa chimvula cha tsiku lonse, udzu wa padenga n'kumwa madzi mpaka kulemera. Tsiku lofika alendo kunacha bwino. Dzuwa lili pamutu anatulukira, a Nachisale patsogolo, Tiyanjane pambuyo, khanda lili kumsana. A Nangozo anathamanga kukamukumbatira mwana wawo, onse awiri akulira. Anthu a m'mudzi anasonkhana, ena kudzaona khanda, ambiri kudzaona m'kati mwa nyumba imene anaimva zaka zitatu.

"Asewere," anatero a Kamtedza atavala nsalu yawo yatsopano, "musakhale pansi msanga. Mpando wanu uli m'nyumba umu."

Luzi linali litauma moti mfundo zinakana kumasuka, mpaka anachita kudula. Anakankha chitseko. Munatuluka fungo la dothi lonyowa, ngati la pa chulu. Analowa okha. Tiyanjane anawatsatira n'kuima pakhomo penipeni, akusuzumira. A Gwirize anali pambali pake.

Maso atazolowera mdima, a Kamtedza anaiona mphasa yawo ili chiimire pakona pomwe anaisiya. Koma inali itanenepa, ndiponso itafiira. Chiswe chinali chitaboola pansi, pamalo amodzi okhawo amene tsache silinafikepo zaka zitatu, n'kulowa m'kati mwa mpukutuwo. M'menemo munali mdima, bata ndi chakudya. Chinakwera ndi bango mpaka kumutu, n'kukalowa mu mtanda waukulu, kuchoka apo n'kumwazikira m'mapaso onse. Makwerero amene a Kamtedza ankafunsa aja anali atachiikira okha ndi manja awo.

Munthu wina akanabwerera pomwepo. A Kamtedza anaganiza kuti dothilo lili kunja kokha, akalisasa mphasa ituluka. Anaikumbatira n'kukoka. Inakana.

A Gwirize anayang'ana kudenga, n'kuona kuti mtanda unali utathyoka kale pakati, ndipo chimene chinkauchirikiza ndi mphasa yomweyo, imene inali itasanduka chipilala cha dothi.

"Alamu, musakoke! Siyani!"

"Yangokakamira pang'ono," anatero a Kamtedza. Anaponda khoma ndi phazi limodzi, n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse.

Mphasa inaduka pakati ngati chigumu. Kudenga kunamveka kulira kwa mtengo. A Nangozo anagwira Tiyanjane pa mkono n'kumukokera kunja mwamphamvu moti onse awiri anagwera pabwalo, khanda n'kuyamba kulira. Pomwepo denga lonse linakhala pansi, khuu! Fumbi lofiira linakwera kuposa mkuyu.

Kenako udzu unayamba kugwedezeka, ndipo a Gwirize ndi amuna ena anawasolola a Kamtedza chogwira miyendo. Sanavulale kwenikweni, chifukwa mitengo imene inawagwera inali makoko okhaokha, yopepuka ngati mapesi. Anaimirira ali mbuu, chiswe chikuyenda m'tsitsi ndi m'makutu, m'manja atafumbata kachidutswa ka mphasa kosakwana n'kukhalapo nkhuku. Kumbuyo kwawo mizati ya muwanga inali njo, yonse, yopanda banga, itasenza thambo.

Palibe anaseka. A Nachisale anamasula khanda kumsana kwa mayi ake, kuliyang'ana mutu, manja ndi miyendo, n'kulifukata pachifuwa. Mawu awo anatuluka otsika.

"Asewere, mdzukulu wanga akanagona pansi pa denga limeneli lero."



A Nangozo anadzuka, kusasa fumbi, n'kulowa m'kanyumba kakuda kaja. Anatuluka ndi mphasa yakale, anaikutumula kawiri n'kuiyala pansi pa mkuyu. A Nachisale anaisisita kaye ndi dzanja, anaitembenuza pakona kuona kunsi kwake. Munalibe chiswe ngakhale chimodzi. Anakhalapo.

Atamwa thobwa, a Nangozo anagwada. "Asewere, chonde. Kwa achimwene angawa kuli malo. Mwanayu akhale ngakhale mwezi umodzi. Denga tikonza."

"Mukonza ndi udzu uti, mayi? Udzu wofolera amamweta chilimwe, pano ndi dzinja. Kwa achimwene anuwo ndaonako, ana asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. M'kanyumba kanu aka mwana wamkazi wokwatiwa sangagone ndi bambo ake. Ndipo mtsinje ukudzaza. Tikachedwa masiku atatu sitiwoloka mpaka Epulo." Anapumira m'mwamba. "Ine ndinanena mawu anga poyera, ndipo ndinabwera monga ndinalonjezera. Inu ndimakumverani chisoni. Koma mawa tikubwerera."

Madzulo a tsikulo Tiyanjane anatenga khanda n'kukawapatsa bambo ake, amene anali atakhala kumapeto kwa mphasa, kuyang'ana pansi. Iwo analilandira. Kanali kamwana kofiirira, ka tsitsi lambiri, ndipo kanagwira chala chawo chokhakhala ndi bango n'kuchikakamira.

"Ndinakusokera mphasa yabwino, mwana wanga," anatero. "Ukanaiona."

"Atate," anayankha Tiyanjane, "zaka zitatu zonsezi ine ndimalota nditakhala pa iyi, amayi akundipesa tsitsi. Inayo sindinaidziwe n'komwe."

M'mawa mwake alendo ananyamuka. A Nangozo anawaperekeza mpaka pa mtsinje, kansalu koberekera kaja n'kukapereka komweko, kasanagwire ntchito pamsana pawo. Anaima pa gombe mpaka anthuwo anazimiririka kutsidya. Pobwera anapeza amuna awo akufukula m'zigumukire, akutola tizidutswa ta bango, a Gwirize ndi anthu ena ataima poteropo.

"Koma chinalowera pati?" ankadzifunsa a Kamtedza. "Mizati yonse ndinawaula. Chinasiyiranji mphasa yakutha iyi, n'kukadya yatsopano?"

A Nangozo sanakalipe. Mkwiyo unali utawathera, kutsala kutopa. Ananyamula mphasa yakale, kuikutumula monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kuiyala padzuwa.

"Iyi chikanailowa nthawi yanji, bambo? Usiku tagonapo, m'mawa yaona dzuwa, masana pakhala anthu. Chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika."

A Gwirize anawabwereza mawuwo kwa akazi awo, akazi awo anakawanena kumtsinje, ndipo kufikira lero akuyendabe. Nyumba ija a Kamtedza anaifoleranso chilimwe chotsatira, pa mizati yomwe ija, ndipo tsiku lomaliza kufolera anasonkhamo moto okha mpaka mitanda kuda. Koma dzinja limene analonjezedwa linali litapita. Mdzukulu wawo anadzamuonanso akuyenda kale, ndipo atatambasula manja kuti amunyamule, mwanayo anathawira kuseri kwa mayi ake akulira, poti sankawadziwa.

Ndiye mukamva akulu akuti chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika, ana inu, akunena kuti chinthu chimene sichigwira ntchito ndicho chimayamba kuwonongeka, ndipo chimawonongeka mwakachetechete, kunja kukuoneka bwino. Za nyumba zenizenizo muzitenge monga zilili. Chipinda musachitseke chaka chathunthu. Tsegulani mazenera, sesani m'makona, suntha-suntheni katundu wotsamira khoma, gogodani mitanda ndi mafelemu mumve ngati akulira mwa mphako, ndipo mukaona kadothi kofiira, timapiko kapena kaufa pansi pa thabwa, musadikire mawa. Koma mwambiwu sukunena za bango lokha. Luso limene munaphunzira mukaliimika pakona, mudzalipeza litafumbwa tsiku lolifuna. Chibale chimene simuchiyendera, mukuti mudzapita mukadzapeza mphatso yabwino, chimadyeka chimodzimodzi, ndipo mudzazindikira tsiku limene mudzachitsamire.

Aphunzitsi aakulu aja ndinawauza nthano yomweyi titaima pakati pa madesiki awo. Pa madesiki makumi anayi tinapulumutsapo asanu ndi imodzi. Ndinawauza kuti awatulutse tsiku lomwelo, ana akhalepo, awagwedeze, awalembelembe ngati akufuna. Dzulo ndinadutsako. Pa desiki ina mwana wina wajambulapo kale galimoto ndi msomali, ndipo miyendo yake inayi ili gwa.